Kodi sewero la pa TV limafika pachimake pa sizoni iti, nanga limayamba liti kutsika?

Chiperoni_83

Abale, ndithandizeni maganizo. Mwana wa achemwali anga ali kuno kwathu, wangomaliza kumene mayeso a Fomu 4. Ndinamuikira Prison Break pa laputopu kuti asamangozungulira m'misewu. Masiku 4 okha wamaliza sizoni yoyamba yonse, maepisodi 22. Dzulo usiku ndinamupeza atakhala pamkeka, nsima itazizira pambali, dzanja lili pakamwa, akuonera pamene akaidi aja akuwoloka pa chingwe kuchoka pa windo la chipatala cha ndende kupita kumpanda. Sanandimve n'komwe ndikulowa. Ndinakumbukira mmene ineyo ndinalili mu 2007 pamene ndinkaonera malo omwewo.

Lero m'mawa wandiuza kuti, "Amalume, ikani inayo." Apa ndiye pali vuto langa. Ine ndikudziwa zomwe zikubwera. Sizoni 2 ndilibe nayo mlandu, koma kuyambira 3 kupita m'tsogolo mtima wanga unasweka, ndipo sindikufuna kuti chimwemwe chomwe ndinachiona pankhope pake chithere mmene chinathera changa. Ndimupatse onse, kapena ndiime pa 2?

Funso lachiwiri ndi lalikulupo. Bwanji pafupifupi sewero lililonse lomwe ndinalikonda linayamba bwino, n'kukwera, kenako n'kuyamba kuzirala ngati moto wa mapesi? Kodi pali sizoni yomwe zinthu zimatembenukira? Inu munaona bwanji pa masewero anu?

Gologolo

Mupatseni 1 ndi 2 basi. Inayo sadzaisowa.

Tsabola_Wakale

Achimwene a Chiperoni, yankho lili m'dzina lenilenilo la sewerolo. Anatilonjeza chinthu chimodzi: munthu wina, Michael Scofield, walowa m'ndende dala kuti atulutse mkulu wake yemwe akudikira kunyongedwa pa mlandu womusemera. Mapu onse ali pathupi pake. Episodi iliyonse timafunsa funso limodzi, atuluka kapena satuluka? Tsiku lomwe anatuluka m'ndende ya Fox River funsolo linayankhidwa. Sizoni 2 inapulumuka chifukwa funso lina linabadwa lokha, loti munthu ukathawa umapita kuti. Koma pamenepo nkhani inali itatha ndithu.

Zomwe zinatsatira ndi zomwe amayi amachita alendo akachuluka mwadzidzidzi, kuthira madzi mu ndiwo. Anamulowetsanso Michael m'ndende ina ku Panama kuti athawenso. Mu sizoni 3 anationetsa mutu wa Sara, wokondedwa wa Michael, m'bokosi, ife n'kulira, mu sizoni 4 n'kutiuza kuti sunali mutu wake. Mayi ake a Michael omwe tinauzidwa kuti anamwalira kalekale anapezeka ali moyo. Michael yemweyo anamwalira mu 2009, tinaona manda ake, mu 2017 n'kupezeka ali m'ndende ku Yemen. Imfa ikasiya kukhala imfa mu sewero, ine ndimasiya kuopera anthu ake, ndipo ndikasiya kuwaopera palibenso chondikhazika pampando.

Ndiye kwa ine sindiwerenga manambala a masizoni. Sewero limayamba kutsika tsiku lomwe layankha funso lomwe linabadwira, eni ake n'kukana kutseka chitseko.

WaChipata

A Tsabola, pa sizoni 2 mwaichepetsa. Kwa ine ndiyo pachimake penipeni, kuposa yoyamba. Kubwera kwa Mahone, wapolisi wa FBI wosaka othawawo, kunasintha zonse. Kwa nthawi yoyamba Michael anakumana ndi munthu woganiza ngati iye, wotha kuwerenga zojambula za pathupi zija. Ndipo William Fichtner anamusewera Mahoneyo ngati munthu wodwala mumtima moti umamuda uku ukumumvera chisoni.

Sizoni 3 nayo musaiweruze ngati kuti olemba anangochita ulesi. Inali ndi maepisodi 13 okha chifukwa inagwa m'nthawi ya sitiraka ya olemba ku America. Sona ya ku Panama ija inali ndi mphamvu yake, ndende yopanda alonda mkati, akaidi akudzilamulira okha. Ikanapatsidwa nthawi mwina tikanalankhula zina.

MphunzitsiWaKale

Zomwe anena a WaChipata ndi zoona, ndipo ndikufuna ndiwonjezere chifukwa ambiri timaiwala kuti masewerowa amapangidwa ndi anthu olembedwa ntchito, okhala ndi mabwana ndi makontirakiti.

Sitiraka ija inayamba mu November 2007 n'kutha mu February 2008, masiku 100. Inavulaza masewero ambiri. Amene munaonera Heroes mukukumbukira mmene sizoni yoyamba ya 2006 inalili, aliyense ankaikamba. Sizoni 2 inadulidwa pa maepisodi 11, nkhani zomwe anaziyala sizinafike komwe zinkapita, ndipo sewerolo silinadzukenso mpaka linatsekedwa mu 2010. Koma sitiraka yomweyo inadula sizoni yoyamba ya Breaking Bad pa maepisodi 7, ndipo ilo linangokwerabe chaka ndi chaka. Ndiye sitiraka payokha siimapha sewero. Imangoonetsa ngati mizu inalipo.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ntchito. Makanema akuluakulu a ku America monga Fox, ABC ndi NBC ankafuna maepisodi 22 kapena kuposerapo chaka chilichonse. Ganizirani, sizoni yoyamba munthu amakhala ataiganizira zaka zambiri asanaigulitse. Yachiwiri amapatsidwa miyezi yochepa. Pofika yachinayi zonse zomwe anasunga mumtima zatha, akulemba sabata ino zomwe ajambule sabata yamawa. Kuwonjezera apo, kale sewero linkayamba kubweretsa phindu lenileni likafika maepisodi pafupifupi 100, chifukwa pamenepo ankatha kuligulitsa ku makanema ena kuti azilibwereza tsiku ndi tsiku. Maepisodi 22 pa chaka, kuti ufike 100 ndi masizoni 5. N'chifukwa chake bwana sangalole kuti utseke pa sizoni 2 ngakhale nkhani itatha.

Chachitatu ndi osewera. Makontirakiti awo oyamba nthawi zambiri amakhala a zaka 6 kapena 7. Akatha, ena amachoka, ena amakweza mtengo. Osewera 6 a Friends m'masizoni awiri omaliza ankalandira madola 1 miliyoni aliyense pa episodi imodzi. Steve Carell anachoka mu The Office mu sizoni 7, chaka cha 2011, ndipo masizoni awiri otsalawo anali ngati nyumba yomwe mwini wake wasamuka. Choncho mukandifunsa nambala, ine ndinena kuti pachimake pamakonda kukhala pakati pa sizoni 2 ndi 4, pamene olemba awadziwa bwino osewera awo koma nkhokwe isanathe. Kutsika koonekera kumabwera cha pa 5 mpaka 7.

Namadzi

Koma abale, si tonse tinaonera Prison Break mpaka kumapeto. Ine ndili pakati pa sizoni 3, ndimaonera pang'onopang'ono ndikaweruka. A Tsabola mwandiuza zonse, za Sara, za mayi ake, za manda. Mwandilanda chinthu chomwe simungandibwezere.

Gologolo

Sewero la 2005, achemwali. Tidikire mpaka liti?

Namadzi

Kwa inu ndi la 2005. Kwa ine ndi la mwezi uno. Kulemba kuti "chenjerani, ndiulula" sikutenga ngakhale mphindi.

Tsabola_Wakale

Pepani kwambiri achemwali a Namadzi, ndalakwa ndine. Ndinatengeka ndi mkwiyo wakale. Kuyambira pano aliyense woulula mathero achenjeze kaye pamwamba.

Mayi_a_Mapasa

Inu mukukamba za ku America, ine bala langa ndi Generations. Kwathu 8 koloko usiku inali nthawi yopatulika. Mbale zimatsukidwa isanakwane, ana asamba, wailesi yazimitsidwa. Nthawi imeneyo SABC inkagwira pa madikoda aulere aja, ndipo anthu oyandikana nafe ankabwera ndi mipando yawo. Apongozi anga sankamva Chizulu kapena Chingerezi koma ankamudziwa Karabo, ankamudziwa Queen, ndipo Sibusiso Dlomo akalowa ankati, "Wabwera mwamuna wovuta uja."

Kenako mu 2014 anachotsa osewera 16 nthawi imodzi. Sewero linaima, n'kubwerera mu December ndi dzina loti Generations: The Legacy, akuti papita zaka 20. Tinakhala pansi tsiku loyamba, nyimbo n'kuyamba, nkhope zambiri zachilendo. Apongozi anaonera masiku atatu, lachinayi anatenga mkeka wawo n'kukakhala pakhonde. Apa palibe za funso loyankhidwa a Tsabola. Anangotichotsera abale athu.

WakuJoni

Mayi mwanena zoona. Ine ndinali kale kuno ku Johannesburg nthawi imeneyo. Osewerawo ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, makontirakiti otalikirapo komanso gawo la ndalama zomwe sewero limapeza likamabwerezedwa ndi kugulitsidwa kunja. Mu August 2014 anachotsedwa. M'matekisi nkhani inali yomweyo sabata zingapo. Menzi Ngubane, yemwe ankasewera Sibusiso, anali m'gulu lomwelo. Anamwalira mu 2021, ndipo anthu ambiri polira ankamutchulabe dzina la mu sewero.

Koma ndikufuna tisiyanitse zinthu. Generations, Isidingo, Muvhango, awa ndi masewero a tsiku ndi tsiku, sanapangidwe kuti adzathe. Alibe phiri limodzi loti akwere n'kutsika. Amayenda ngati mtsinje, chaka china wadzaza, chaka china waphwa, kutengera amene akulemba ndi munthu woipa yemwe alipo nthawi imeneyo. Isidingo inayamba 1998 n'kutsekedwa mu March 2020. Mukafunsa anthu kuti inakoma liti, sakuuzani sizoni, akuuzani kuti "nthawi ya Cherel ndi Barker Haines." Kwa masewero otere muyeso ndi anthu, osati manambala.

Mlonda_wa_Usiku

CHENJERANI, NDIULULA ZA GAME OF THRONES.

Nonse mukunena kuti sewero limafa chifukwa chokokedwa. Nanga Game of Thrones? Ilo linafa chifukwa chothamangitsidwa. Masizoni 6 oyamba anali ndi maepisodi 10 iliyonse. Sizoni 7 inali ndi 7, sizoni 8 inali ndi 6. Nkhani yomwe inafunika malo ambiri kuposa kale ndi yomwe anaipatsa malo ochepa. George R. R. Martin mwiniwake, wolemba mabuku omwe sewerolo linachokera, ananenapo poyera kuti nkhaniyi ikanatha kupitirira masizoni 10.

Ine ndimagwira ntchito usiku, ndipo sewero limeneli linandiperekeza zaka zambiri pa foni, m'kanyumba ka pageti. Chomwe ndinalikondera n'choti chilichonse chinali ndi mtengo wake. Ned Stark analakwitsa, anadulidwa mutu. Robb anaphwanya lonjezo la ukwati, analipira pa ukwati wa amalume ake mu sizoni 3. Ulendo wochoka kumpoto kupita ku King's Landing unkatenga maepisodi angapo, ndipo m'njiramo ndi momwe tinkawadziwira anthu. Pofika sizoni 7 munthu akuthamanga wapansi kukafika ku Khoma, khwangwala akuuluka kukafika kum'mwera, chinjoka n'kubwera, zonsezi anzawo atangokhala pa chisumbu cha ayezi ngati usiku umodzi. Adani omwe anatiopseza nawo kuyambira mphindi yoyamba ya 2011 anatha mu episodi imodzi, yamdima moti pa foni yanga ndinkangoona nkhope yanga. Daenerys kuwotcha mzinda sindikukana, zizindikiro zinalipo, koma kusintha kwa mtima komwe kunafunika sizoni yathunthu anakuchita m'maepisodi awiri.

Anthu opitirira 1 miliyoni anasaina pa intaneti kupempha kuti sizoni 8 ijambulidwenso. Ndiye a Tsabola, madzi mu ndiwo ndi vuto, koma kuphula nsima isanapse ndi vutonso.

Kanyimbi77

A Mlonda, ine ndikuti matenda anayamba kale, sizoni 8 inali maliro chabe. Bwererani ku sizoni 5, nkhani ya ku Dorne. Pamenepo ndi pomwe mabuku anayamba kuwathera. Buku lomaliza lomwe Martin anatulutsa pa nkhaniyi ndi la 2011, chaka chomwe sewero linayamba. David Benioff ndi D. B. Weiss, omwe ankatsogolera sewerolo, anali akatswiri posankha ndi kufupikitsa zomwe wina analemba kale. Atafika poti alembe okha, mverani mmene Tyrion amalankhulira mu sizoni 4 pa mlandu wake uja, kenako mumvere mu sizoni 7. Ndi anthu awiri osiyana. Pachimake panali sizoni 4. Zomwe zinatiphimba m'maso pambuyo pake ndi nkhondo zikuluzikulu, chikomekome cha nkuyu.

Mlonda_wa_Usiku

Sizoni 6 muisiye. Maepisodi awiri omaliza aja palibe angandiuze kuti ndi sewero lodwala.

Kanyimbi77

Okongola, inde. Koma funsani chifukwa chomwe Sansa sanamuuze Jon kuti asilikali ena akubwera. Palibe yankho, ankangofuna kuti ife tidzidzimuke. Kale sewero lija silinkachita zimenezo.

Bawo_Bawo

Mwandikumbutsa kutali ndi nkhani ya Prison Break. Ife tinkaonera ku vidiyo sho, kanyumba ka matabwa kuseri kwa msika, chinsalu chakuda pakhomo, mabenchi opanda potsamira, jenereta ikulira panja. Mwini wake ankalemba pa bolodi ndi choko kuti lero Scofield kuyambira episodi yakuti. Mkati kutentha, fungo la thukuta ndi chimanga chowotcha, koma T-Bag akangotulukira chipinda chonse chimachita phokoso limodzi. Dimba lina linkadumphadumpha, mwini wake n'kulitulutsa, kulipukuta pa malaya, ife tili chete kudikira. Pambuyo pake 24 inabwera, ndipo ana onse a m'dera lathu anali ma Jack Bauer.

WaChipata

Kuno ku Chipata zinali chimodzimodzi. Ndipo masiku ano achinyamata akuonera zomasuliridwa m'Chichewa zomwe amakabenetsa pa memori khadi. Womasulira wabwino amatha kudzutsa sizoni yakufa, amaikamo zake moti umaseka ngakhale nkhani ilibe mutu.

MphunzitsiWaKale

Pamenepo ine ndimadandaula. Womasulira akayamba kuikamo zake, mwana amamva nkhani ya womasulirayo, osati ya olemba. Ndinamvapo wina atasandutsa malo achisoni kukhala nthabwala.

Bawo_Bawo

Aphunzitsi, agogo anga anayamba kuonera mafilimu chifukwa cha anyamata amenewa. Kale ankangoona zithunzi zikuyenda. Musawanyoze.

MphunzitsiWaKale

Sindikuwanyoza achimwene, ntchito yawo ndi yaikulu ndipo ena amaigwira mosamala kwambiri. Ndikungopempha kuti pa maliro asaseketse anthu.

Chiperoni_83

Zonsezi ndikuwerenga ndipo ndikuphunzira, koma mnyamata uja akundidikira. Tibwerere ku funso. Ndiime pa 2 kapena ayi?

Fulu_Wodekha

Achimwene, ine ndikuti mupatseni onse, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Sindikukhulupirira kuti kutsika konse kumakhala mu sewero. Kwina kumakhala mwa ife. Sizoni yoyamba timaionera tisakudziwa kalikonse, chilichonse ndi chatsopano. Pofika yachinayi tawadziwa machenjerero awo, tikudziwa kuti nyimbo ikatere ndiye kuti wina alowa pakhomo. Ifenso tasintha, takwatira, tili ndi ngongole, tikuonera uku tikuyankha mauthenga pa foni. Kenako timati sewero lazirala.

Ine The Walking Dead ndinayamba kuonera ndi mng'ono wanga mu 2012. Tinkagona chipinda chimodzi, laputopu pa mpando pakati pa mabedi, mahedifoni amodzi khutu limodzi aliyense kuti tisadzutse bambo. Anamwalira mu 2015 titamaliza sizoni 5. Ndinayesa kupitiriza ndekha, sizinatheke. Anthu amati sewerolo linaonongeka pa sizoni 7, mwina n'zoona, koma kwa ine linatha pa 5, ndipo chifukwa chake sichili mwa olemba.

Mwana wa achemwali anuyo ali ndi zaka zake, maso ake. Mwina Sona idzamukoma kuposa Fox River. Musamupatse kukhumudwa kwanu asanakumane nako yekha. Ndipo ngati mungathe, khalani naye pamkekapo muonere limodzi.

Mayi_a_Mapasa

Pepani a Fulu. Mzimu wa mng'ono wanu uuse mumtendere.

Gologolo

Pepani akulu. Komabe pa The Walking Dead manambala akuchitira umboni. CHENJERANI, NDIULULA. Episodi yoyamba ya sizoni 7, mu October 2016, inaoneredwa ndi anthu pafupifupi 17 miliyoni ku America. Ndi momwe Negan anapha Glenn ndi chibonga chija, atatidikiritsa miyezi 6 kuti tidziwe yemwe wafa. Kuchoka pamenepo anthu anayamba kuthawa, ndipo sanabwererenso mpaka linatha mu 2022 pa sizoni 11. Anthu mamiliyoni sangasinthe mtima tsiku limodzi onse. Anaona kuti olemba ayamba kusewera nawo.

Fulu_Wodekha

Sindikutsutsa. Ndikungoti zifukwa zimakhala ziwiri, za mu sewero ndi za pampando.

MphunzitsiWaKale

Ndibwerere ndi zitsanzo za omwe anadziwa potsekera, chifukwa alipo.

Breaking Bad inatha mu 2013 ndi maepisodi 62, masizoni 5. Vince Gilligan, yemwe analiyambitsa, ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti akufotokoza za mphunzitsi wofatsa yemwe asanduke chilombo. Munthuyo atafika pokhala chilombo, nkhani inatsekedwa. N'chifukwa chake maepisodi ake otamandidwa kwambiri ali kumapeto, osati koyambirira. The Wire nayo masizoni 5, kuyambira 2002 mpaka 2008, ndipo chaka chilichonse inkatenga mbali ina ya mzinda wa Baltimore, apolisi ndi ogulitsa mankhwala, kenako doko, ndale, sukulu, nyuzipepala. Ine monga munthu wa choko, sizoni 4 ya ana asukulu ija sindinaionepo ina yoposa. Funso silinkatha chifukwa chaka chilichonse linkabadwa latsopano kuchokera mumzinda womwewo.

Lost ndi chitsanzo cha pakati. Pofika sizoni 3 olemba anali akungozungulira pachilumba paja osadziwa kuti awasunga anthuwa zaka zingati, mpaka anapanga episodi yathunthu yofotokoza komwe Jack anajambulitsa zapathupi zake. Mu 2007 anagwirizana ndi ABC kuti sewero lidzatha mu 2010, ndi masizoni afupiafupi. Mathero ake anthu amakanganabe, koma aliyense amavomereza kuti atangodziwa tsiku lotsekera nkhani inayambanso kuyenda.

Ku Britain ndiye amachita kunyanya. The Office yawo inali ndi masizoni awiri a maepisodi 6, ndi ena apadera a Khirisimasi, basi. Fawlty Towers maepisodi 12 okha, ndipo anthu akuionerabe kuchokera m'ma 1970.

Dexter ndi umboni wa mbali inayo. Sizoni 4 ya 2009, ya wakupha uja wotchedwa Trinity, inali pamwamba penipeni. Itangotha, mkulu wa olemba, Clyde Phillips, anachoka. Osewera anali omwewo, nyimbo yomweyo, mzinda wa Miami womwewo, koma dzanja linali litasintha, ndipo linakokedwa mpaka sizoni 8. Ife timayang'ana nkhope za pa sikirini, koma nthawi zambiri munthu yemwe kuchoka kwake kumagwetsa nyumba ndi yemwe sitimuona.

Mayi_a_Mapasa

Aphunzitsi, ndiye mundifotokozere za Twist of Fate pa Zee World. Abhi ndi Pragya anakwatirana, kulekana, kuiwala, kukumbukira, kubedwa, kulekananso, kenako zaka 20 zadumphidwa tayamba za ana awo. Ndinasiya katatu, katatu konse ndinabwerera. Ndikudziwa kuti ndiwo zake ndi madzi okhaokha, koma nthawi yake ikakwana ndikusita zovala ndimafuna mawu omwe ndinawazolowera m'nyumba. Ndikafuna nkhani yeniyeni ndimapita ku za ku Korea. Maepisodi 16, ayamba, akondana, avutika, atha. Umalira kamodzi n'kukagona.

WaChipata

Ngakhale aku Korea ndalama zikawaitana amagonja, mayi. Jumong inakonzedwa kuti ikhale maepisodi 60, itatchuka anaiwonjezera kufika 81, ndipo chakumapeto umamva kuti akuyenda mokoka miyendo. Money Heist nayo ku Spain inapangidwa mu 2017 ngati nkhani imodzi yotha, kuba kumodzi m'nyumba yosindikizira ndalama. Anatuluka, nkhani inatha bwinobwino. Netflix itaona kuti dziko lonse lapenga nayo inaitanitsa ina, ndiye anawalowetsanso mu banki yaikulu ya dzikolo mpaka 2021. Ndi matenda omwe aja a Prison Break. Squid Game chimodzimodzi, ya 2021 inali yokwanira payokha.

Kanyimbi77

Ine ndili ndi zizindikiro zanga zomwe ndikaziona ndimayamba kulongedza. Wakufa akadzuka. Mwana kapena m'bale yemwe sanatchulidwepo akatulukira. Awiri omwe takhala tikuwadikira zaka akakwatirana kenako n'kuwalekanitsa popanda chifukwa. Komanso munthu yemwe anali ndi mbali zambiri akasanduka khalidwe limodzi lokha, wopusa pang'ono n'kukhala chitsiru chenicheni, monga anamuchitira Homer mu The Simpsons, lomwe layenda kuyambira 1989. Azungu ali ndi dzina la nthawi imeneyi, loti "jumping the shark", lochokera mu sewero la Happy Days, momwe mu 1977 Fonzie anadumpha nsomba ya shaki pa nyanja atavala jekete lake lachikopa. Koma onani, sewero limenelo linapitirirabe mpaka 1984 anthu akuonera. Kutsika kwa nkhani ndi kutha kwa oonera sizifika tsiku limodzi, n'chifukwa chake mabwana sazimva msanga.

Tsabola_Wakale

A Mlonda ndi a Fulu mwandigwedeza pang'ono, ndivomere. Game of Thrones sikulowa mu lamulo langa, ndipo za pampando sindinaziganizire. Koma pa Prison Break sindisuntha. A Chiperoni, ngati mumupatsa onse, muuzeni zoona kaye, kuti amalume ako anakonda awiri oyamba, enawo udziweruzire wekha.

Namadzi

Ine ndapitirizabe usiku wathawu ngakhale munandiululira. Sona ikundikoma. Lechero, mkulu wa akaidi a kumeneko, ndimamuopa kuposa alonda onse a ku Fox River.

Chiperoni_83

Zikomo nonse. Ndachita monga ananenera a Fulu ndi a Tsabola. Ndamuikira masizoni onse 5 ndipo ndamuuza maganizo anga osaulula kanthu. Wandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, inu munaonera muli ndi zaka zingati?" Ndati 24. Akuti ndiye tiyeni tione ngati zikhale chimodzimodzi.

Tayamba sizoni 2 madzulo ano tonse awiri. Magetsi anazima tili pa episodi yachitatu, batire linatipirira mpaka pakati pa yachinayi. Iye akuti Mahone amugwira Michael isanafike episodi 10. Ine ndangokhala chete. Tikafika ku Sona ndidzabwera kudzakuuzani zomwe wanena.